Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya: Za Mitu ya Mkuwa ya Atsogoleri Akale

Akuluakulu akale adasiya mwambi wakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ankaunena pofuna kukumbutsa mwini mbumba, nyakwawa kapena mfumu kuti ukulu umadza ndi zipsinjo zake. Milandu ya ana, madandaulo a anthu, ngakhale mitonzo, zonse zimagwera iye amene ali patsogolo, ndipo alibe kozembera. Mwambiwu udanenedwa za anthu amoyo, koma umakhudzanso mitu ina imene siimva kuwawa, ndiyo mitu ya mkuwa ya atsogoleri amene adatsikira kulichete kalekale. Mitu imeneyi imagulidwa ndi kugulitsidwa m'misika ya zinthu zamakedzana ku London, Paris ndi New York, imakongoletsa zipinda za anthu achuma, imasamutsidwa boma likasintha, ndipo nthawi zina imadulidwa usiku ndi anthu okwiya. Mdzukulu wokonda mbiri ayenera kudziwa kumene zinthuzi zidachokera, m'mene zimapangidwira, chimene chimazipatsa mtengo, ndiponso chimene munthu amakhala atalowetsa m'nyumba mwake akagula nkhope ya mtsogoleri.

Chiboliboli cholekeza m'chifuwa

Ziboliboli za anthu zilipo za mitundu iwiri. China chimaonetsa munthu yense kuyambira kumutu kufikira kumapazi, monga cha Kamuzu Banda chimene chidaimikidwa ku Lilongwe m'chaka cha 2009. China chimaonetsa mutu, khosi ndi mapewa, nkulekeza m'chifuwa, ndipo pa Chingerezi amachitcha bust. Chachiwirichi ndicho chimakondedwa ndi osunga zinthu zakale, popeza chimakwana pa tebulo, anthu awiri angathe kuchinyamula, ndipo zonse zimene munthu amazindikirika nazo zili pomwepo: mphumi, mphuno, kakhalidwe ka milomo ndi makwinya a ukalamba.

Mwambo wosunga nkhope za akuluakulu udakhwima pakati pa Aroma. Mabanja amene adatulutsapo atsogoleri a boma ankasunga nkhope za makolo awo zoumbidwa ndi phula m'timakabati ta m'chipinda cholandiriramo alendo. Polybius, Mgiriki amene adakhala ku Roma zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe, adafotokoza kuti pa maliro a munthu wotchuka, amuna ofanana thupi ndi makolo aja ankavala nkhopezo pamodzi ndi zovala za udindo, nayenda pa mdipiti wa maliro, kotero kuti womwalirayo ankaperekezedwa ndi agogo ake onse. Cholinga chidali chakuti anyamata aone ndi kukhumbira kudzasiya dzina lotero. Mchewa amene amadziwa ntchito ya gule wamkulu pa maliro sangadabwe ndi ganizo lakuti makolo amadza kudzaperekeza mwana wawo. Koma phula silikhalitsa. Ofuna kuti nkhope ipirire zaka mazana adatembenukira ku mwala ndi ku mkuwa.

Kapangidwe kake

Mkuwa wa ziboliboli ndi wosanganiza. Mwa magawo khumi alionse, pafupifupi asanu ndi anayi ndi mkuwa weniweni, ndipo lotsalalo ndi tini. Msanganizo umenewu, umene Azungu amautcha bronze, ndi wolimba kuposa mkuwa pawokha, ndipo ukasungunuka umayenda bwino mpaka kulowa m'timizere tating'ono ta tsitsi.

Mmisiri amayamba ndi kuumba mutu ndi dongo. Akatha amapanga chikombole cha pulasitala chotseguka m'zidutswa, napaka phula losungunula m'kati mwake kufikira litakhuthala mamilimita ochepa. Pochotsa chikombole pamatsala mutu wa phula wa mphako. M'mphakomo amadzazamo dothi losapsa ndi moto, kunja amamatako timitsitsi ta phula timene tidzakhale njira za mkuwa ndi mpweya, kenaka amakuta chonsecho ndi dothi lina. Akachiika m'ng'anjo phula lija limasungunuka ndi kutuluka, nkusiya mpata wofanana nalo ndendende. Mu mpata umenewo ndimo amathira mkuwa wotentha kuposa madigiri 1,000. Ukazizira amaswa dothi, amadula timitsitsi tija, amasalaza ndi tupa, ndipo potsiriza amaupatsa khungu lakuda, lofiirira kapena lobiriwira pogwiritsa ntchito mankhwala ndi moto. Nchifukwa chake mutu wa mkuwa umakhala wa mphako, ndipo ukaugogoda umalira. Mafakitale ena, makamaka a ku France m'zaka za m'ma 1800, ankagwiritsa ntchito zikombole za mchenga m'malo mwa phula.

Mfundo imodzi iyenera kugwiridwa pano, pakuti malonda onse a zinthuzi atsamira pa iyo. Chikombole choyamba chija chikhoza kubala mitu yambiri, ndipo chikhoza kupitiriza kubala mmisiri atamwalira kale. Chithunzi chojambula ndi utoto chimakhala chimodzi, pamene mutu wa mkuwa ukhoza kukhala ndi abale makumi kapena mazana, ena apachibale enieni, ena ongotolera dzina.

Nkhope zotengedwa pa munthu wamoyo

Kujambula ndi kamera kusanayambe, njira yokhulupirika yosungira nkhope ya munthu idali kuitenga pa khungu lake lenileni. M'chaka cha 1784 nyumba ya malamulo ya Virginia idagamula kuti pakhale chiboliboli cha George Washington, mkulu wa asilikali amene adatsogolera nkhondo ya ufulu wa America. Thomas Jefferson ndi Benjamin Franklin, amene adali ku France, adasankha mmisiri Jean-Antoine Houdon. Iyeyu sadakhutire ndi kungotumiziridwa chithunzi. Adaoloka nyanja, nafika ku Mount Vernon, kwawo kwa Washington, pa 2 Okutobala 1785, ndipo adakhalako pafupifupi milungu iwiri. Adaumba mutu wa dongo akumuyang'ana mwiniwakeyo. Adamugonekanso chagada, namudzoza mafuta kumaso, namuika timabango ta nthenga m'mphuno kuti azipumira, nkumumata pulasitala. Washington adali ndi zaka 53, ndipo adali asanakhale pulezidenti. Mutu wa dongo uja ukadali ku Mount Vernon, chiboliboli cha mwala chidaimikidwa ku Richmond mu 1796, ndipo nkhope imene idaikidwa pa ndalama yachitsulo ya masenti 25 mu 1932 idatengedwa pa ntchito ya Houdon yomweyo. Munthu wamkulu chotero adalola kugona duu ngati mtembo, manja a mlendo ali kumaso kwake, chifukwa ankadziwa kuti adzukulu adzafuna kuona nkhope yake yeniyeni.

Abraham Lincoln adatengedwa nkhope kawiri. Koyamba kudali ku Chicago mu 1860, ndi mmisiri Leonard Volk, Lincoln asanasunge ndevu. Chipani chake chitamusankha kuti aimire pa upulezidenti, Volk adapita ku Springfield kukatenganso manja ake. Dzanja lamanja lidali lotupa ndi kupereka moni kwa anthu ambiri, ndipo lidagwira kachidutswa ka mpini wa tsache. Kachiwiri kudali mu Febuluwale 1865, ndi Clark Mills, patatsala miyezi iwiri kuti Lincoln aomberedwe. Woika nkhope ziwirizi pamodzi amaona chimene nkhondo yapachiweniweni idachita pa munthu m'zaka zisanu zokha: masaya olowa, maso akuya, khungu lofota. Bukhu la mbiri lingathe kuwerengera asilikali amene adafa, koma nkhope yachiwiriyo imaonetsa kulemera kwa katundu amene mwini mutuwo adasenza. Apa ndipo pagona phindu lenileni la zinthuzi. Zili ngati mboni zimene zidaona munthuyo maso ndi maso.

Mitu idalowa mu msika

Kale mutu wa mkuwa udali wa mafumu ndi nyumba za boma. Zinthu zidasintha mu 1836, pamene Achille Collas wa ku France adapanga makina ochepetsa chiboliboli chachikulu kuti chituluke chaching'ono popanda kusintha maonekedwe. Mu 1838 adagwirizana ndi Ferdinand Barbedienne, ndipo fakitale yawo ya ku Paris idayamba kutulutsa ziboliboli za misinkhu yosiyanasiyana, zimene loya, dokotala kapena wamalonda ankatha kusankha m'bukhu la katundu monga mayi amasankhira nsalu. Fakitaleyi idagwira ntchito mpaka 1954. Mitu yambiri ya Washington, Franklin ndi Napoleon imene imapezeka pa okushoni masiku ano idachokera m'mafakitale otere. Ndi yakale ndithu, yazaka zoposa 100, koma mmisiri amene dzina lake lidalembedwapo sadaigwirepo ndi manja ake.

Odziwa malondawa amayang'ana zinthu zingapo asanatchule mtengo. Amafunsa dzina la mmisiri, ndiponso ngati mutuwo udathiridwa iye ali moyo ndi kuuvomereza, kapena atamwalira. Amafunafuna chidindo cha fakitale, chimene kawirikawiri chimakhala kumbuyo kapena m'munsi. Amayang'ana khungu la mkuwa ngati lili lakale lomwe lija. Koposa zonse amafuna mbiri ya umwini: adaugula ndani poyamba, udadutsa m'manja mwa yani, pali makalata otani. Mitu iwiri yofanana ngati mapasa ikhoza kusiyana mtengo kutalitali chifukwa chakuti wina uli ndi makalata pamene wina ulibe. Pofuna kuletsa kuchulukitsa kopanda malire, ku France masiku ano chiboliboli chimawerengedwa kuti ndi ntchito yeniyeni ya mmisiri ngati chathiridwa kosapitirira 12: zisanu ndi zitatu zolembedwa manambala, ndi zinayi za mmisiri mwini.

Pamene pali ndalama sipalephera akathyali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amathira zinki, chitsulo chotsika mtengo, nachipaka utoto wa mkuwa. Chotero chimapepuka, ndipo ukachikanda pang'ono kunsi kumene sikuoneka, chimaonetsa mtundu wotuwa, pamene mkuwa weniweni umaonetsa wachikasu ngati golide. Ena amagwiritsa ntchito utomoni wa kufakitale wosakaniza ndi fumbi la mkuwa, ndipo chimenecho sichizizira m'manja monga chitsulo, komanso sichilira pochigogoda. Maginito akamata, ndiye kuti pali chitsulo wamba, pakuti pa mkuwa samata. Chinyengo chovuta kuchigwira ndi chopanga chikombole chatsopano pa mutu wa mkuwa wakale. Chimagwidwa ndi tepi yoyezera, chifukwa mkuwa umafota pang'ono pozizira, choncho mwana woteroyo amatuluka wocheperapo kuposa kholo lake, ndipo mizere ya tsitsi ndi makwinya imakhala yosaoneka bwino. Mu 1997 bwalo la milandu ku France lidamanga Guy Hain, amene adadzaza msika ndi ziboliboli zonama zokhala ndi dzina la Rodin ndi amisiri ena, ndipo ngakhale nyumba zotchuka za okushoni zidapusitsidwa. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa malonda amene amayambira pa phula, mwambi wa safunsa adadya phula umagwa pamalo pake penipeni.

Cholakwa china chimachitika ndi mtima wabwino. Wolandira mutu wa mkuwa monga cholowa akauona wakuda amaganiza kuti ndi litsiro, nkuukwecha ndi mchenga ndi phulusa monga poto, kufikira utawala. Potero wachotsa khungu limene mmisiri adaupatsa ndi limene zaka zidaonjezera, ndipo mtengo wake wagwa. Mkuwa wakale umangofuna kuupukuta fumbi ndi kansalu kofewa ndi kuusunga pouma.

Mutu umene umayenda ndi maboma

Palibe mutu wa mkuwa umene wakanganitsa anthu m'zaka zino kuposa wa Winston Churchill, woumbidwa ndi Jacob Epstein nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Umodzi mwa mitu yothiridwa pa ntchito imeneyi udaperekedwa ku White House mu 1965, chaka chimene Churchill adamwalira. Wina udabwerekedwa ndi boma la Britain kwa George W. Bush mu 2001, ndipo adauika mu ofesi yake. Nthawi ya Bush itatha mu 2009, wobwerekedwawo udabwerera kunyumba ya kazembe wa Britain, ndipo Barack Obama adaika mu ofesimo mutu wa Martin Luther King. Mu 2016 Boris Johnson adalemba m'nyuzipepala kuti ena amati Obama adachita zimenezi chifukwa cha magazi ake a ku Kenya ndi kuipidwa ndi ufumu wa Britain. Obama adayankha kuti mutu wina uja wa Churchill udali m'nyumba yake yogona, pakhomo la chipinda chake chogwiriramo ntchito, ndipo ankauona tsiku lililonse. Donald Trump adabwezera Churchill mu ofesi mu 2017, Joe Biden adamutulutsa mu 2021, ndipo Trump adamulowetsanso mu 2025.

Mkuwawo sudasinthe ngakhale pang'ono pa maulendo onsewa. Chimene chinkasintha ndi uthenga umene mwini chipinda ankafuna kupereka kwa alendo ake. Kwa Mngerezi, Churchill ndi munthu amene adakana kugwadira Hitler mu 1940, pamene maiko ambiri a ku Ulaya adali atagwa. Kwa wa ku Kenya, ndi nduna yaikulu imene boma lake lidalamulira pa nthawi ya malamulo okhwima amene adayamba mu 1952. Kwa Mmalawi, Mzambia ndi Mzimbabwe, ndi mtsogoleri wa boma limene lidakhazikitsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, anthu akuda atachikana poyera. Zonsezi nzoona, ndipo zonse zili m'mutu umodzi womwewo. Woika nkhope ya mtsogoleri pa tebulo lake amakhala akunena kanthu, afune asafune, ndipo mlendo aliyense amamva molingana ndi zimene makolo ake adakumana nazo.

Nkhonya zenizeni

Pafupifupi zaka 25 Yesu asanabadwe, ankhondo a ufumu wa Kush, m'dziko limene lero ndi Sudan, adalowa kummwera kwa Egypt kumene Aroma ankalamulira, nagwetsa ziboliboli za Kaisara Augustus. Mtsogoleri wawo adali mfumukazi ya udindo wa Kandake, dzina limene owerenga Baibulo amalidziwa pa nkhani ya mdindo wa ku Ethiopia. Mutu umodzi wa mkuwa adapita nawo ku Meroë, naukwirira pansi pa makwerero a kachisi, kuti aliyense wolowa azimuponda Kaisara kumaso. Mchenga umene udayenera kumunyoza ndiwo udamusunga. John Garstang adaufukula mu 1910 uli bwinobwino, maso ake a galasi ndi mwala akadali m'malo, pamene ziboliboli zambiri za mkuwa za Aroma zidasungunulidwa kalekale. Lero uli ku British Museum.

Kusungunulidwa ndiyo imfa ya mkuwa. Mwala ukasweka zidutswa zimatsala, koma mkuwa umasanduka belu, mfuti kapena waya. Mu 1941 boma la Vichy ku France lidalamula kuti ziboliboli zambiri za m'misewu zichotsedwe ndi kusungunulidwa chifukwa cha kusowa kwa zitsulo pa nthawi ya nkhondo, ndipo m'mizinda ina mudatsala maziko a miyala opanda wokhalapo.

Cecil Rhodes, amene kampani yake inkapereka mapaundi 10,000 pa chaka kuthandiza boma la atsamunda la Harry Johnston m'dziko la Malawi kuyambira 1891, adalandira nkhonya zake patapita zaka zoposa 100 atamwalira. Ophunzira a pa yunivesite ya Cape Town adachititsa kuti chiboliboli chake chichotsedwe pa 9 Epulo 2015, ndipo mu Julayi 2020 anthu osadziwika adadula mutu wa chiboliboli chake cha mkuwa pa Rhodes Memorial. Ku Blantyre nako, mu 2018, bwalo lalikulu la milandu lidaimitsa ntchito yoimika chiboliboli cha Mahatma Gandhi, achinyamata ena atadandaula za mawu onyoza anthu akuda amene iye adalemba ali ku South Africa. Chiboliboli chake chidakaikidwa pa ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe mu 2020. Mlandu wa munthu wamkulu suthera pa manda. Mbadwo uliwonse umautsegulanso, ndipo popeza mwini wake palibe, mkuwa ndiwo umakhala pa bwalo.

Mitu imene sidali ya malonda

Luso lothira mkuwa ndi phula lidali mu Africa Azungu asanafike. Mitu ya ku Ife, ku Nigeria, imene yambiri idafukulidwa mu 1938, idadabwitsa akatswiri a ku Ulaya chifukwa cha kufanana kwake ndi nkhope za anthu enieni. Mu ufumu wa Benin, m'dziko lomwelo, mfumu yatsopano, yotchedwa Oba, inkalamula gulu la amisiri a kunyumba yachifumu kuti lithire mutu wokumbukira bambo wake. Mutuwo unkaikidwa pa guwa la makolo, mnyanga wa njovu wosemedwa utaimikidwa pamwamba pake, ndipo pamenepo ndipo mfumu inkapereka nsembe. Mu Febuluwale 1897 asilikali a Britain adalanda mzinda wa Benin, adathamangitsira Oba Ovonramwen ku Calabar, natenga zinthu zikwizikwi zimene zidagulitsidwa ndi kumwazikira m'maiko ambiri.

Mitu imeneyi idasanduka katundu wa pa okushoni. Yunivesite ya Aberdeen idagula umodzi mu 1957 pa mtengo wa mapaundi 750. Wina udagulitsidwa ku New York mu 2007 pa madola oposa 4 miliyoni. Koma wogula aliyense, ngakhale adalipira ndalama zake mwachilungamo, adagula chinthu chochotsedwa pa guwa la eni ake ndi mfuti. Aberdeen idabweza mutu wake ku Nigeria mu 2021. Germany idapereka umwini wa zinthu zoposa 1,000 mu 2022, ndipo Netherlands idabweza zinthu 119 mu 2025. Choncho funso la mbiri ya umwini, limene wamalonda amafunsa pofuna kudziwa mtengo, lili ndi mbali ina yolemera kuposa ndalama: kodi chinthuchi chidachoka bwanji kwawo? Mutu wa Washington wa ku fakitale ya Barbedienne udapangidwira kugulitsa, ndipo woûgula alibe mlandu. Mutu wa Oba udapangidwira guwa. Kuuika pa shelefu pakati pa mabuku kuli ngati kuzula chiliza cha agogo a mnzako nkukachiika pa khonde kuti alendo azisirira.

M'mene Achewa adasungira akuluakulu awo

Amaravi ankadziwa ng'anjo ndi mvukuto, ndipo ankasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, koma nkhope za mafumu awo sadaziike m'chitsulo. Adasankha kusunga dzina. Mfumu ikamwalira, wolowa m'malo mwake amalowa dzina, kotero kuti Kalonga Gawa Undi amene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakamuona ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba amanyamula dzina limene lidanyamulidwa ndi ambiri iye asanabadwe. Khanda likapatsidwa dzina la agogo, akuluakulu a pamudzi amalipatsa ulemu wa agogowo, ndipo likamakula limamva nkhani za mwini dzina: kuti adali wolima, wochereza alendo, kapena waukali pa milandu. Dzina lotero siligulitsidwa pa okushoni, silibedwa ndi asilikali, ndipo silisungunulidwa. Kufooka kwake nkumodzi: limafa pamene ofotokoza atha ndipo omvera sadafunse.

Nkhani ya John Chilembwe imaonetsa mphamvu ya njira imeneyi. Ataphedwa mu Febuluwale 1915, atsamunda adamuika m'manda obisika nagwetsa tchalitchi chake ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kuti pasakhale malo omukumbukira. Dzina lidatsala m'kamwa mwa anthu. Lero nkhope yake ili pa ndalama za Malawi, dziko limapuma pa 15 Januwale, ndipo kuyambira 2022 mpaka 2024 chiboliboli chake, ntchito ya Samson Kambalu, chidaima pa Trafalgar Square pakati pa London. Kambalu adachitenga pa chithunzi cha 1914, pamene Chilembwe adaima ndi mmishonale John Chorley atavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa Mzungu. Chiboliboli chidadza patapita zaka zoposa 100. Dzina ndilo lidachiitana.

Kusonkhanitsa mitu ya mkuwa si chinthu choipa. Osonkhanitsa ambiri adapulumutsa ntchito za amisiri zimene zikadathera m'ng'anjo, ndipo nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale zidayambira pa mphatso za anthu otere. Komabe mdzukulu amene tsiku lina adzaima pa msika wa zinthu zakale ku London kapena ku Johannesburg, mutu wa mtsogoleri uli m'manja mwake, adzachita bwino kufunsa mafunso atatu asanatulutse chikwama. Loyamba ndi la mmisiri: adaumba ndani, udathiridwa liti, ndipo ndi mkuwa weniweni? Lachiwiri ndi la njira: udachoka bwanji kwa eni ake oyamba? Lachitatu ndi la mwini nkhope: adachita zotani, kwa yani, ndipo woûgulayo angathe kufotokozera ana ake zabwino ndi zoipa zomwe popanda kubisa? Wolephera funso loyamba amataya ndalama. Wolephera lachiwiri amasunga katundu wolandidwa. Wolephera lachitatu amakhala ndi mlendo m'nyumba amene sakumudziwa.

Ndipo amene sadzagula mutu wa mkuwa m'moyo wake wonse, ndiwo ochuluka, ali ndi ntchito yofanana pafupi. M'mabanja ambiri muli chithunzi chimodzi chofwifwa cha agogo amene adapita ku Joni kapena ku nkhondo, ndipo amene akudziwa dzina lawo, mfunda wawo ndi mudzi wawo watsala mmodzi kapena awiri. Chithunzi chopanda dzina chili ngati mutu wa mkuwa wopanda makalata. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera mwa iye yekha amene adakhala pansi nkuwamva. Mdzukulu wanzeru atenge pensulo, akhale pa mphasa pafupi ndi agogo amene akadali moyo, afunse, ndipo alembe kumbuyo kwa chithunzicho dzina, chaka ndi mudzi.